Kukhulupirika ndi Tchimo mu Nibelungenlied

Nibelungenlied ndi ndakatulo yaitali ya ngwazi imene inalembedwa m'Chijeremani chakale cha m'ma 1200, mwina kudera la Passau, m'mbali mwa mtsinje wa Danube. Mlakatuli wake sanasiye dzina. M'ndime pafupifupi 2,400 imasimba mmene Hagen anaphera Siegfried, ndi mmene wamasiye wa Siegfried, Kriemhild, atakwatiwanso ndi mfumu Etzel, anaitanira alongo ake kuphwando kumene onse anakathera.

Chiyambire pamene ndakatuloyi inapezekanso ku Hohenems mu 1755, akatswiri akhala akufunsa ngati ili yachikhristu. Anthu a m'nkhaniyi amapita ku Misa, ndipo Kriemhild ndi mlamu wake Brünhild amakanganira pakhomo la tchalitchi ku Worms, koma chikhululukiro sichioneka. Mlakatuli Goethe anaiona ngati yachikunja mpaka kumizu. Mu 1924 Friedrich Neumann anafotokoza kuti muli miyambo yosanjikizana: ya ankhondo akale pansi, ya kubwalo la mafumu achikhristu pamwamba.

Funsoli limafika pachimake pa Rüdiger wa ku Bechelaren, m'chigawo cha 37. Iyeyu ndi nduna ya Etzel, ndipo pokafunsira mbeta analumbira kwa Kriemhild kuti adzamubwezerera aliyense womulakwira. Komatu ndi iye yemwenso amene analandira alongo a Kriemhild m'nyumba mwake, n'kuwapatsa mphatso, n'kulonjeza mwana wake wamkazi kwa mmodzi wa iwo, Giselher. Nkhondo itabuka, akakana kumenya waswa lumbiro, akamenya wapha alendo ake ndi mkamwini wake. Amadandaula kuti analonjeza moyo ndi ulemu, osati mzimu wake. Amapempha kubweza dziko lonse limene anapatsidwa kuti achoke wapansi, koma Etzel ndi Kriemhild samulola. Asanayambe kumenya amavula chishango chake n'kupatsa Hagen, mmodzi wa alendowo, amene chake chinali chitang'ambika, kenako amafa ndi lupanga limene iye mwini anapatsa Gernot, mlongo wina wa Kriemhild.

Chimene chimavutitsa apa n'chakuti munthu wolungama angathe kufika pamene njira iliyonse ili tchimo. Chiphunzitso cha mpingo chimati lumbiro lochitira choipa silimanga munthu, koma mlakatuli samutsegulira Rüdiger khomo limeneli. Amamusiya alire, asankhe, afe, ndipo apa ndi pamene ndakatuloyi ili yakuya koposa.

Owerenga oyambirira sanakhutire ndi zimenezi. Mpukutu wotchedwa C, umene uli ku Karlsruhe, umapeputsa mlandu wa Kriemhild n'kuusenzetsa Hagen, kusiyana ndi mpukutu B wa ku St. Gallen. Ndakatulo ya maliro yotchedwa Klage, imene alembi ankailumikiza kumapeto, imapita patali: imati Kriemhild ayenera kupulumuka chifukwa anachita zonse mokhulupirika kwa mwamuna wake.

M'zaka za m'ma 1900 andale anatola kukhulupirika kokhako n'kutaya mafunso ake, mpaka Hermann Göring mu 1943 anayerekeza asilikali ozingidwa ku Stalingrad ndi ngwazi za m'holo ya Etzel. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, akatswiri anabwerera ku mawu enieni a ndakatulo. Jan-Dirk Müller, m'buku lake la mu 1998, anaonetsa kuti chionongekocho chimachokera m'malamulo omwewo amene amamanga anthuwa pamodzi: lumbiro, ubale, mphatso ndi ulemu.