Nthawi Yobisika mu Mtengo

M'thunthu la mtengo muli selulozi, yemwe ndi unyolo wautali wa shuga wotchedwa gulukozi, ndipo mu 1945 J. F. Saeman anaonetsa kuti asidi ndi kutentha zikamadula unyolowo zimawononganso shuga womasukayo, kotero kuti wochedwa kuphula amataya chomwe amafuna. Amayi ofulula munkoyo ku Kabwe amadziwa zofananazo, pakuti sathira mizu ya munkoyo m'phala la chimanga lisanapole, kuopa kupha mphamvu yosandutsa phalalo kukhala lotsekemera. Funso ndi lakuti kodi nthawi imeneyi munthu amailamulira kapena amangoimvera. Zikuoneka kuti Mlengi anaiika m'chinthu chenichenicho, ndipo wootcha makala, amene amatsiriza m'masiku ochepa mtengo wa zaka makumi ambiri, saimvera konse.