Namwino Wotopa: Kodi Mlandu ndi Wa Yani?

Ambiri a ife tinagonapo kuchipatala tikudikirira wodwala, ndipo tikudziwa mmene usiku umatalikira mu wodi. Namwino amene tinamupeza dzuwa likulowa ndi yemweyo amene timamuona m'mawa tikupita kukatereka phala, maso ali psuu, akulembabe m'mabuku a odwala. Koma tikabwerera kumudzi, nkhani imene timakamba pa mjigo imakhala imodzi: "Anamwino a masiku ano ndi amwano."

Mwano ulipodi, tisabise. Mayi amene anakalipiridwa ali pa bedi la uchembere saiwala mpaka ukalamba. Komabe funso loti tilingalire pamodzi sabata ino ndi ili: munthu akalakwa chifukwa cha kutopa, kodi mlandu ndi wake yekha?

Thupi lili ndi malire ake. Mu 1997 ofufuza a ku Australia anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuganiza ndi kugwira zinthu mofanana ndi munthu amene wamwako mowa. Mu 2004 ku America, kafukufuku wotsogoleredwa ndi Ann Rogers anaonetsa kuti namwino akagwira ntchito maola 12 ndi theka kapena kupitirira, chiopsezo choti alakwitsa chimakula katatu. Kulakwitsa kwake sikochita kuoneka patali ayi. Ndi mlingo wa mankhwala a mwana wowerengedwa molakwika, dripi imene yatha osaiona, mayi woyembekezera amene sanayezedwe BP pa nthawi yake. Palibe wa ife angalole kubayidwa jakisoni ndi munthu wonunkha mowa, koma wosagona usiku wonse timamutambasulira mkono osaganiza kawiri.

Lamulo la za ntchito la dziko lino, la chaka cha 2000, limaika maola 48 pa sabata. Koma anamwino ndi ochepa, choncho zipatala zimadalira lokamu: amene amayenera kupuma amabwereranso kudzatseka mpata, n'kulandira kangachepe. Ambiri amavomera chifukwa malipiro sakwana, ndipo kunyumba kukufunika fizi ndi feteleza. Kuno ku Phalombe tinaona zoposa pamenepo mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy anakokolola misewu ndi milatho, madera ngati Nkhulambe n'kukhala osafikika, kolera nayo isanathe m'dziko. Masiku ngati amenewo, mnzako wodzakulandira ntchito adutsira pati?

Anthu otere timakonda kuwatamanda kuti ndi odzipereka. M'magulu athu timaphunziranso kuti ntchito yogwiridwa ndi mtima wotumikira anthu ndi yopatulika. Zimenezi n'zoona. Koma tichenjere, chifukwa kutamanda n'kotchipa. Tikhoza kuyamika namwino kuti ndi wopirira pofuna kuti tisadzifunse chifukwa chimene wakhalira yekha ndi odwala odzaza wodi. Kudzipereka kumene munthu wasankha yekha ndi kukakamizidwa chifukwa palibe wina si chinthu chimodzi, ngakhale yunifolomu ndi yomweyo.

Nayenso namwino ali ndi mbali yake, ndipo apa ndi pamene nkhani ikuvuta. Tiyerekeze kuti wapemphedwa lokamu usiku wachitatu wotsatizana. Akudziwa mumtima kuti mutu ukulemera, manja sakukhazikika. Kunena zoona kukanamuuza kuti akane. Koma akakana, azimayi obwera kudzachira usiku umenewo apeza ndani? Akavomera, n'kulakwitsa, tidzamutchula dzina pa maliro. Akakana, tidzati ndi waulesi. Tamuika pakati pa misampha iwiri, kenako tikumuweruza ngati anali ndi njira yabwino yoti adutse.

Ifenso tisadzichotsemo. Mwana amatentha thupi masiku atatu ife tikuyesa zina, n'kudzathamanga naye pakati pa usiku wakomoka. Makomiti a zipatala zathu zing'onozing'ono, amene muli anthu a m'midzi yathu yomwe, timawapititsira madandaulo a mwano okhaokha. Sitikumbukira tsiku limene tinakafunsako kuti chipatala chathu chili ndi anamwino angati, ndipo amagona liti.

Pokambirana, aliyense ayambe wayankha mwa iye yekha: namwino uja atatifunsa ife za usiku wachitatu uja, tingamuuze kuti apite kapena akagone? Ndipo yankho lathu lingasinthe bwanji ngati wogona mu wodimo ndi mwana wathu?