Mwana wa mlimi wa tomato amene adavala suti

Mdzukulu wanga, amako andiuza kuti mtima wako wachoka kudimba, uli pa zisudzo. Akuti ukufuna kumaoneka pa kanema, ndipo ndalama ya kachewere wa chaka chino wagulira jekete ndi nsapato zosongoka. Iwo akufuna kuti ndikuletse. Ine sindikuletsa ayi. Kuno ku Dedza, kwa ngoma ndi gule, kuima pabwalo pamaso pa khamu si chinthu chachilendo, ndipo ndidakuona m'sewero la kusukulu lija anthu ali zii kukumvetsera. Luso uli nalo. Chondidetsa nkhawa n'chakuti wayambira pa jekete. Khala pansi ndikuuze za munthu amene dziko lonse lidamudziwa chifukwa cha kavalidwe ndi kaimidwe kake, umve kumene iye adayambira.

Dzina lake ndi Sidney Poitier. Anzako a m'nyumba zoonetsera vidiyo pa Bembeke sangamudziwe, chifukwa iye sankaulutsa mateche kapena kugubuduza magalimoto. Ankangolowa m'chipinda, wamtali, wakuda bii, suti itamukhala, n'kulankhula modekha, aliyense n'kutembenukira kwa iye. Ine mafilimu ake ndidawaona mochedwa, pa matepi. Kanema amene tinkamudziwa ife paunyamata anali wa galimoto ya boma yobwera pabwalo la sukulu kudzatiphunzitsa za ulimi. Koma nditamuona, ndidafuna kudziwa kuti munthu wotere adaleredwa kuti, ndipo ndinkayesa ndi mwana wa dokotala kapena wa m'busa.

Anali mwana wa alimi a tomato. Atate ake a Reginald ndi amayi ake a Evelyn ankalima pa chilumba cha Cat Island ku Bahamas, n'kumakweza tomatoyo m'ngalawa kukagulitsa ku Miami, monga momwe amako amatsitsira madengu awo kumsewu wa M1 kukadikira ogula a ku Lilongwe. Pa ulendo wina wotero, pa 20 February 1927, mwanayo adabadwa masiku asanakwane, kamwana kochepetsetsa koti atate ake adafika pokafunafuna kabokosi koti akaikemo. Kadapulumuka. Adakulira kumudzi kopanda magetsi, kopanda madzi a m'mipopi. Msika wa tomato ku Florida utatsekeka kwa alimi a ku Bahamas, banja lidasamukira ku Nassau iye ali ndi zaka 10, ndipo n'kumeneko adaona kanema koyamba. Sukulu adangoilawa. Ali ndi zaka 15 adamutumiza kwa mkulu wake ku Miami, ndipo chaka chotsatira adatulukira ku New York, kumene ntchito imene adaipeza inali yotsuka mbale m'malesitilanti.

Tsono mvetsa apa, chifukwa mutu wa nkhani uli pano. Tsiku lina adaona m'nyuzipepala kuti gulu la zisudzo la American Negro Theatre ku Harlem likufuna anthu. Adapita. Atamupatsa pepala kuti awerenge, adayamba kudodoma liwu ndi liwu, m'kalankhulidwe ka kwawo kuzilumba. Mkulu wa gululo, Frederick O'Neal, adamutulutsa panja n'kumuuza kuti asatayitse anthu nthawi, akafune ntchito yotsuka mbale. Munthuyo sankadziwa kuti ndiyo ntchito imene mnyamatayo ankagwira kale, ndipo chimenecho ndicho chidamulasa mtima Poitier: kuti munthu wosamudziwa wangomuyang'ana n'kuona kuti malire ake ndi potsukira mbale.

Sadakagule suti kuti abwererenso akuoneka bwino. Adagula kawailesi. Kwa miyezi ingapo ankamvetsera owulutsa mawu n'kumabwereza chiganizo chilichonse mpaka lilime litawongoka. Ndipo kulesitilanti kumene ankagwira ntchito kunali bambo wina wachikulire, Myuda, woperekera zakudya, amene adamuona akulimbana ndi nyuzipepala. Bamboyo adayamba kukhala naye usiku uliwonse akaweruka, kumuphunzitsa katchulidwe ka mawu, tanthauzo lake, ndi pamene munthu amapumira powerenga. Poitier atakalamba ankadandaula kuti atatchuka adamufunafuna bamboyo kuti amuthokoze koma sadamupezenso. Atabwerera kugulu lija, adavomera kumasesa ndi kukolopa m'nyumba yochitira zisudzo kuti amulole kuphunzira nawo.

Ndiye ndikufunse: buku lomaliza udalimaliza liti? Munthu wa zisudzo amadyera kuwerenga. Amakupatsa mapepala lero, mawa uwanene ngati akuchokera m'mimba mwako. Ukamawerenga modumphadumpha sungamve chimene wolemba akufuna, ndipo udzangokhala wokuwa ndi woponya manja. Tenga nyuzipepala, tenga Buku Lopatulika, tenga mabuku a Chichewa amene mudaphunzira ku sekondale aja, uziwerenga mokweza madzulo, agogo ako aakazi azikumvetsera. Iwo sanyengerera munthu, ukameza mawu adzakuuza. Ndipo akapezeka wamkulu wofuna kukuwongolera, kaya ndi mphunzitsi wopuma ntchito, kaya ndi katekisiti, umuthokoze akadali moyo.

Pali chimodzi chokha pamenepa chimene sindikufuna utengere. Poitier adachita kufafaniza kalankhulidwe ka kwawo chifukwa ku America kwa nthawi imeneyo kunalibe khomo lina lolowera. Iwe suli pa mpanipani umenewo. Izeki ndi Jakobo adaseketsa dziko lonse lino m'Chichewa, ndipo nthabwala zawo zinkanena zinthu zimene andale ankaopa kunena. Chiwetel Ejiofor, katswiri wa ku Britain, pojambula filimu ya William Kamkwamba ku Wimbe m'boma la Kasungu, imene idatuluka mu 2019, adachita kuphunzira Chichewa kuti alankhule ngati bambo wakumudzi. Iye adachivutikira chinthu chimene iwe udayamwira. Chingerezi phunzira, chidzakuthandiza, koma ndisadzakumve ukupotoza lilime polankhula ndi amako ngati wabadwira ku London.

Filimu yoyamba yaikulu ya Poitier inali No Way Out, mu 1950, momwe anali dokotala wachinyamata wokakamizika kuchiza mzungu womuda chifukwa cha khungu. Masiku amenewo munthu wakuda m'mafilimu a ku Hollywood kawirikawiri ankakhala wantchito wam'nyumba, wotuzula maso ndi mantha kuti azungu aseke. Posakhalitsa adabwera kuno ku Africa, ku Joni komwe kuja kumene amuna ambiri a kuno ankapita kumigodi, kudzajambula Cry, the Beloved Country, yochokera m'buku la Alan Paton, imene idatuluka mu 1951. Iye anali m'busa Msimangu. Kuti aloledwe kulowa m'dziko la tsankho lija, iye ndi mnzake Canada Lee adalembedwa ngati antchito a mzungu wowongolera filimuyo, Zoltan Korda. Taganiza, munthu woti nkhope yake ikaoneka pa kanema dziko lonse, kulowa m'dziko ngati boyi.

Kenaka kudabwera chiyeso chimene ndikufuna uchisunge mumtima kuposa zonse. Ntchito zidasowa, mkazi wake ali woyembekezera mwana wachiwiri, m'nyumba mulibe ndalama. Adamuitana kuti akatenge mbali m'filimu ina, malipiro madola 750 pa sabata, ndalama yochuluka kwambiri nthawi imeneyo. Mbaliyo inali ya bambo wosesa amene zigawenga zimuphera mwana wake wamkazi n'kumutaya pabwalo, bamboyo osachitapo kanthu. Munalibe kutukwanidwa m'mbali imeneyo, munalibe kuvula. Koma Poitier adakana, chifukwa atate ake a Reginald sakadakhala chete mwana wawo ataphedwa, ndipo iye sadafune kuonetsa dziko bambo wakuda wotero. Adakakongola ndalama kuti alipire kuchipatala kumene mkazi wake adakachirira.

Iwe chiyeso chako sichidzabwera ndi madola. Chidzabwera ndi mnyamata wa foni yabwino amene adzakuuze kuti uvale sanza, udzipake makala, uchite ngati munthu wakumudzi wopusa wosadziwa kukwera basi, kuti a m'tauni aseke pa Facebook ndi pa TikTok. Adzakuuza kuti ukatero utchuka msanga, ndipo mwina sadzakhala akunama. Usanavomere udzifunse kuti munthu ukumusewerayo ndani. Ngati ndi amalume ako, ngati ndi amako amene amadzuka ndi chisanu cha mu June kukathirira kudimba, ndiye kuti ukugulitsa iwowo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Sindikunena kuti uzisewera anthu abwino okhaokha ayi. Sewera wakuba, sewera chidakwa, sewera mfumu yogulitsa malo a anthu ake, koma akhale munthu weniweni wokhala ndi mutu ndi mtima, osati chidole chonyozera kwanu.

Kukana kuja sikudamuphe ndi njala. Mu 1958 adasewera ndi Tony Curtis mu The Defiant Ones, akaidi awiri, wakuda ndi mzungu, othawa atamangidwa unyolo umodzi. Mu Lilies of the Field anali mmisiri wapaulendo amene masisitere adamugwira kuti awamangire tchalitchi m'chipululu cha Arizona, ndipo pa 13 April 1964 adalandira nayo mphoto ya Oscar, mwamuna wakuda woyamba kuilandira ngati wosewera mbali yaikulu m'filimu. Sipadathe miyezi itatu ife kuno tidakweza mbendera yathu pa 6 July. Mu 1967 adatulutsa mafilimu atatu m'chaka chimodzi: To Sir, with Love, momwe anali mphunzitsi wa ana ovuta ku London, Guess Who's Coming to Dinner, ndi In the Heat of the Night.

Yomalizayi ndiyo ndikufuna udzaione. Iye ndi Virgil Tibbs, wapolisi wofufuza milandu ya kupha, amene wapezeka m'tauni ya tsankho ku Mississippi. Akufunsa mafunso mzungu wolemera, mwini minda ya thonje, ndipo mzunguyo amuwomba mbama. Tibbs nthawi yomweyo abweza mbama. Anthu m'nyumba za kanema adadzidzimuka, chifukwa chinthu chotero anali asanazolowere kuchiona. Ukadzaonera, usayang'ane dzanja lokha. Uyang'ane mmene waimira asanamenye ndi atamenya: sakukuwa, sakunjenjemera, tayi ali m'malo mwake. Mbama imeneyo ikulemera chifukwa filimu yonse munthuyo wakhala akudzigwira. Ana a masiku ano mumayesa kusewera bwino ndi kukuwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiye pofika pamene pafunika ukali mawu amakhala atatha kale.

Usayese kuti atafika pamwamba adapuma. Chaka chomwecho cha 1967 wolemba wina wakuda, Clifford Mason, adamudzudzula mu nyuzipepala ya New York Times kuti anthu amene amawasewera ndi oyera mtima mopitirira, opangidwa kuti azungu asachite nawo mantha. Achinyamata ambiri akuda adagwirizana naye. Zidamupweteka kwambiri. Ine ndimaona kuti odzudzulawo anali ndi mfundo pang'ono, koma adaiwala kuti munthuyo anali yekha pakhomopo, akusenza mtundu wonse, ndipo akadaterereka kamodzi chitseko chikadatsekekera onse. Chimene adachita ndicho chanzeru: adapita kuseri kwa kamera n'kuyamba kuwongolera yekha mafilimu, kuyambira Buck and the Preacher mu 1972, ndi mnzake wakale Harry Belafonte, n'kulemba ntchito anthu akuda ambiri. Nawenso akwanu adzakunena, ena mwa nsanje, ena moona. Udzaphunzire kusiyanitsa.

Sindikubisira kuti pabanja adapunthwa. Ukwati wake woyamba, ndi mayi wa ana ake anayi, udatha mu 1965 atakhala zaka zambiri pa chibwenzi ndi mkazi wina wa zisudzo, ndipo mwini wake adazilemba osadzikometsera. Nkhope ikatchuka akazi amabwera okha, mdzukulu wanga, ndipo misozi ya m'nyumba kamera siyijambula. Pamenepo usamutsatire.

Adakhala ndi moyo wautali. Adabwereranso ku South Africa kudzasewera Nelson Mandela m'filimu imene idatuluka mu 1997, m'dziko lomwe lija adalowamo ngati wantchito, ndipo chaka chomwecho dziko la Bahamas lidamusankha kukhala kazembe wake ku Japan. Adamwalira pa 6 January 2022 ali ndi zaka 94.

Tsono za iwe. Kuno kwathu filimu siidyetsa munthu chaka chonse. Ngakhale a Shemu Joyah, amene adapanga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, mafilimu amene adalandira mphoto kunja, ntchito imene adaphunzira ndi yoyeza malo. Choncho dimba lija usalisiye, ndipo usalole munthu akunyengerere kuligulitsa kuti mugule kamera. Mayeso a Fomu 4 ulembenso chaka chamawa, ndalama yake ndilipira ine ndikagulitsa nyemba. Lowa gulu la zisudzo la kutchalitchi kapena la paboma, ndipo akakupatsa ntchito yonyamula mabenchi unyamule, uli kuonerera mmene akuluakulu akuchitira. Wina akadzakuitana ku Lilongwe kuti mukajambule, ufunse malipiro musananyamuke, alembe papepala, ndipo ndalama yobwererera uisunge m'thumba lina. Ndikalankhula ndi amako madzulo ano kuti akulole kupita kokonzekera masewero Loweruka lililonse, ukamaliza kuthirira.