Tirigu, Namsongole ndi Fumbi la Chitsulo

Akapolo aja a m'fanizo la pa Mateyu 13, ataona namsongole atamera pakati pa tirigu, anafuna kumuzula tsiku lomwelo, koma mwini munda anawaletsa kufikira nyengo yokolola, podziwa kuti mizu ya ziwirizo yalukana, ndi kuti dzanja la munthu, likhale laluso chotani, silingasolole chimodzi osagwedeza chinzake. Fanizoli limandibwerera ndikaona odwala khansa atathothoka tsitsi, m'kamwa muli zilonda, chifukwa cha mankhwala omwewo amene akuwachiza. Pakuti khansa si mlendo wolowera pazenera monga malungo, koma mnofu wa mwini wake umene wapanduka, ndipo mankhwala akalowa m'magazi safunsa kuti mwana wa m'nyumba ndani, wopanduka ndani. Tsono sing'anga alibe mwayi wa mwini munda uja, popeza akati adikire nyengo yokolola adzapeza munda wonse watha.

Paul Ehrlich wa ku Germany, zaka zoposa 100 zapitazo, analota za mankhwala onga chipolopolo chodziwa chokha mdani wake. Amene anadza pambuyo pake anatenga fumbi la chitsulo, m'bale wake wa dzimbiri, losalala kotero kuti timibulu take zikwi tingandandalike m'mimba mwa tsitsi limodzi, namangirirapo mankhwala, kuti maginito oikidwa kunja kwa khungu alikokere pa chotupa. Mu 1996, ku Berlin, Andreas Lübbe ndi anzake anayesa zimenezi pa odwala 14 ndi mankhwala a epirubicin, ndipo mwa pafupifupi theka la iwo makina a MRI anaonetsa fumbilo litasonkhana pamalopo, pakuti chitsulocho chimadetsa chithunzi paliponse pamene chaima. Mumzinda womwewo Andreas Jordan wa ku chipatala cha Charité ndi anzake analibaya m'chotupa cha muubongo nalitenthetsa ndi maginito osinthasintha mphamvu, njira imene inaloledwa ku Ulaya mu 2010.

Komatu chimene chimandizunguza mutu n'chakuti fumbili silidziwa kanthu. Silisankha, limangokokedwa; wosiyanitsa akadali munthu, ndi maso ake omwe aja, ndipo mphamvu ya maginito imazirala msanga ikamalowa mkati mwa thupi, kotero kuti chotupa chakuya, kapena mbewu zake zimene zamwazikira kumene diso silinafike, zimatsala osakhudzidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akuluakulu, koma wodwala alibe masiku ambiri odekhera.

Ndipo thupi lenilenilo, limene tikadayesa kuti limadziwa ake, nalonso limasokera pa mlandu womwewu: limalekerera wopanduka chifukwa wavala nkhope ya pachibale, koma mthandizi wochokera kunja alonda a m'chiwindi ndi m'kapamba amam'gwira nam'meza ngati mbala. Gulu la Warren Chan ku Toronto, litasanthula zofufuza za zaka khumi pa nyama, linalengeza mu 2016 kuti mwa timibulu 1,000 ta mitundu yosiyanasiyana tobayidwa m'mitsempha, pafupifupi 7 tokha ndi timene timafika pa chotupa.

Chitsulo chogwidwacho sichitayika ayi. Thupi limachiphwanya pang'onopang'ono, nkuchisunga, nkuumba nacho magazi atsopano. Motero ferumoxytol, mmodzi wa mtundu womwewu, amene madokotala ena amajambulira naye mitsempha, analoledwa ku America mu 2009 monga mankhwala a odwala impso amene magazi awachepera.