Lifuwu, Manja Tili Nawo!

Anzanga a ku Lifuwu, tawerengani. Agogo anu anabereka ana angati? Anga anabereka khumi. Mayi anga asanu ndi mmodzi. Mlongo wanga wanenetsa kuti atatu basi, ndipo alamu avomera.

Si banja lathu lokha ayi. M'chaka cha 1992 mayi wa m'Malawi muno ankabereka ana pafupifupi 7. Pofika 2016 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 4.4. Komabe tikadali ambiri, ndipo tikadali anthete. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo 17.5 miliyoni, ndipo theka la ife linali lisanakwanitse zaka 18. Theka lathunthu!

Kunjaku zinthu zatembenuka. Ku Japan, mwa anthu khumi alionse, pafupifupi atatu ndi a zaka 65 kapena kuposerapo. Masukulu akumidzi akutsekedwa chifukwa chosowa ana. Ku South Korea, mukawerengetsa bwino, mayi mmodzi sakufika n'komwe pa mwana mmodzi. Ngakhale China, chimdziko cha anthu osawerengeka chija, chiwerengero chake chinayamba kutsika mu 2022. Ali ndi mafakitale, ali ndi ndalama, koma akusowa manja.

Manjawo tili nawo ife. Onani mbandakucha pa gombe, anyamata akukoka chilimira usipa uli phathiphathi. Onani atsikana ku sikimu, matope m'mawondo, akuwokera mpunga mzere ndi mzere mpaka dzuwa kufika paliwombo. Onani wa kabaza atanyamula matumba awiri kulowera ku Salima, thukuta lili kamukamu. Ndani angatitche aulesi?

Koma unyamata ndi wobwereka, abale. Wa zaka 20 lero adzakhala ndi 60 posachedwa, ndipo sadzakhala ndi ana khumi omugwirira ntchito ngati agogo aja. Akabereka atatu, mwina mmodzi adzakhala ku Lilongwe, wina ku Joni. Msodzi alibe penshoni. Mlimi wa mpunga alibe penshoni. Penshoni yathu tiyambe kuimanga tokha, lero, mawondo akadali olimba.

Tingathe. Malo ofufuzira za mpunga ali pakhomo pathu pompano. Anthu amachokera kutali kudzaphunzira za mbewu kuno, ife n'kumangodutsa pa njinga osalowa n'kufunsa. Tilowe! Tifunse! Kilombero wathuyu tisamugulitse ndi makoko kwa mavenda pa mtengo wolira. Tigwirizane, tipunthe, tiike m'mapaketi, tilembepo dzina la Lifuwu. Usipa tiuyanike pa thandala laukhondo, tiujambule pa foni, ogula a m'tauni atipeze pa WhatsApp. Ndalama ya lero ikalowa, ina ipite ku banki mkhonde isanaone njira ya kumowa. Pang'ono lero, pang'ono mawa. Bwato, kenaka injini. Njerwa, kenaka malata. Mtsikana amalize sukulu, ukwati sukuthawa. Ana tibereke amene tingawadyetse ndi kuwaphunzitsa.

Ndipo agogo tili nawowa tisawataye. Pali mkulu wina amene ndimamupeza pansi pa mtengo akusoka ukonde, maso atachita chidima koma zala zikuyenda zokha. Akangoyang'ana kumwamba amakuuza ngati mwera ukubwera kapena ayi, foni yako isananene kanthu. Munthu wotere ena amamutcha mfiti chifukwa cha imvi basi. Zamanyazi! Amene akumuloza chala lero, mawa imvi zomwezo zidzamera pamutu pake. Khalani naye pansi mkuluyo. Mufunseni kumene chambo chimaswanirana, ndi chifukwa chake makolo sankakoka khoka m'nyengo yoswana. Mutengereni ndiwo, mumufolerere denga mvula isanagwe.

Masomphenya a dziko lino akuloza chaka cha 2063. Ambiri a ife tidzakhalapo, tikuyenda ndi ndodo m'mbali mwa nyanja yomweyi. Ndiye dzukani, anzanga! Mbande zakula ku nazale, madzi alowa m'ngalande. Tiyeni ku sikimu!