Mendulo yabodza ndi ndowa ziwiri za chimanga

Agogo anga aamuna anamenya nawo nkhondo ku Burma. Kwathu kufupi ndi Mlangeni aliyense ankawatchula kuti a Keyala, ndipo ine ndinakula ndikuyesa kuti ndi dzina lawo. Ndili Folomu 2 ndi pomwe ndinadziwa kuti Keyala ndi KAR, King's African Rifles, gulu la asilikali lomwe Angerezi ankalembamo anthu akuda kuno ku Nyasaland, ku Kenya, ku Uganda ndi ku Tanganyika. Mu 1944 mabataliyoni a kuno anali m'gulu lomwe linatsika chigwa cha Kabaw nthawi ya dzinja, m'matope ndi m'malungo, kupirikitsa asilikali a Japan mpaka kumtsinje wa Chindwin. Agogo analipo. Anamwalira mu 1998 ndili ndi zaka 6, ndipo chomwe ndimakumbuka kwambiri ndi kachitini komwe ankasungamo mamendulo awo anayi. Ukakagwedeza kankalira ngati muli makobidi.

Kachitiniko kanakhutulidwa mu February 2002. Amene munali mutakulako mukuikumbuka njala ya chaka chimenecho, gaga atasanduka chakudya chaulemu. Kunabwera bambo wina panjinga, mwa aja ankazungulira m'midzi kufunsa simbi zakale zamakala ndi makobidi obooka pakati. Anganga anamupatsa mamendulo onse anayi, iye n'kusiya ndalama yomwe inagula ndowa ziwiri za chimanga. Pabanja pathu nkhaniyi sinkakambidwa. Ine ndinangoganiza ndekha kuti anthu akuchita nayo manyazi, ndipo ndinalumbira chamumtima kuti tsiku lina ndidzabweza ulemu wa agogo pakhomo.

Chaka chatha ndinalowa m'gulu lina la pa intaneti la anthu osonkhanitsa zinthu zakale za nkhondo. Ndinalemba nkhani yonse momasuka: dzina la agogo, mudzi, boma, chaka chomwe mamendulo anagulitsidwa. Anthu anandipepesa, ena n'kundifunira mafuno abwino. Patapita miyezi inayi munthu wina wa ku Joni anandilembera kuti aise, taona izi, mwina zikukukhudza. Chinali chithunzi cha nyenyezi yamkuwa ya nsonga zisanu ndi imodzi, Burma Star, pambali pake pali kalata yofiirira yomasula msilikali pantchito, ya chaka cha 1946, yachidindo. Dzina linali la agogo. Katunduyo anali pa okushoni ya pafoni yotseka Lachisanu 9 koloko usiku, kuyambira pa R300.

Usiku wa Lachisanuwo ndinakhala pakhonde la nyumba yomwe ndimachita lendi pa Ntcheu boma, pomwe netiweki imagwira bwino. Tinali opikisana asanu. Titafika pa R800 atatu anasiya, tinatsala ine ndi munthu wina yemwe sindinamuonepo nkhope. Ndikaika, iye amaonjezera R100. Ndikaonjezera, sipatha mphindi wabweranso. Pa R1,500 ndinali nditadutsa kale malire omwe ndinadziikira, koma mumtima ndinkangoti mlendo ameneyu akufuna kundilanda agogo anga kachiwiri. Zinathera pa R2,400. Ndinalumpha ngati timu yanga yagoletsa. Imeneyo inali ndalama ya feteleza wa kumunda kwa amayi, kuphatikiza ngongole ya kubanki mkhonde yomwe mlongo wanga ananditengera.

Tonse okushoni timaidziwa. Kutchalitchi nthawi ya zokolola tambala mmodzi amagulidwa pamtengo wa mbuzi chifukwa madoda awiri sakufuna kugonjerana, ndipo paukwati kachidutswa ka keke kamadula kuposa keke yathunthu. Koma pamenepo palibe wopusitsidwa. Aliyense akudziwa kuti tambalayo safika pamenepo, ndalama yapamwambayo ndi mphatso, ndipo tikudziwa komwe ikupita. Okushoni ya malonda ili ndi msampha wina, womwe odziwa zachuma amautcha temberero la wopambana: pa anthu onse omwe aona katunduyo, wopambana ndi uja wamuwerengera mtengo wokwera kuposa anzake onse. Atatu aja omwe anasiya pa R800 ankandiuza kanthu, ine osamva. Nanga mnzanga wa R100 uja? Lero ndimakhulupirira kuti anali wogulitsa yemweyo pa nambala ina, kapena mnzake, ntchito yake kungondikankha. Umboni ndilibe, koma nambala zonse ziwiri zinasiya kupezeka sabata imodzi.

Katunduyo anabwera ndi msuweni wanga pabasi ya ku Joni, ndipo Loweruka lake ndinakwera minibasi kupita kumudzi. Anganga ali ndi zaka zopitirira 85, maso ayamba kuchita nkhungu. Anaigwira nyenyeziyo, kuisisita ndi chala, n'kunena kuti, “Amuna anga, mwaitenga kuti?” Ndi momwe amandiitanira chibadwire. Tsiku limenelo anakamba zomwe sindinazimvepo: kuti agogo sankagona mvula ikamagwa usiku, kuti ankadana ndi mpunga moyo wawo wonse chifukwa anaudya mokwana kunkhondo, kuti anali ndi mnzawo wa ku Zomba yemwe anamusiya m'nkhalango ndipo ankamutchula kutulo. Ndinabwerera kuboma ndikudzimva kuti ndine mdzukulu weniweni.

Chikomekome cha nkuyu. Patatha milungu iwiri ndinaonetsa chithunzi cha kalata ija kwa aphunzitsi ena opuma omwe timapemphera limodzi, ndikufuna andiyamikire. Anavala magalasi, kukulitsa chithunzicho, n'kufunsa kuti, “Mwati 1946? Nanga bwanji alemba Ntcheu? Nthawi ya atsamunda boma lino ankalilemba Ncheu, popanda t.” Ndinaseka, koma m'mimba munatentha. Nditapitanso kumudzi ndinaitembenuza menduloyo n'kuiwalitsa ndi tochi ya foni. Kumbuyo kwake, chakumunsi, panali malo osalala mosiyana ndi pena ponse, pokhala ngati papalidwa ndi tupa. Ukapendeketsa umaona mthunzi wa C ndi Y.

Kenako ndinawerenga zomwe ndinayenera kuwerenga ndisanatulutse ndalama. Mamendulo a nkhondo yoyamba, ija makolo ankaitcha ya Chiwaya, ankadindidwa dzina, nambala ndi gulu la msilikali. A nkhondo yachiwiri boma la Britain linkawapereka opanda dzina. Burma Star kumbuyo kwake ndi kopanda kanthu, ndipo zinapangidwa zambirimbiri, moti ngakhale yeniyeni payokha siidula kwenikweni. Chomwe chimakweza mtengo ndi nkhani yomwe yamatidwapo: kalata, chithunzi, dzina. Palinso mamendulo ongofanizira omwe amagulitsidwa poyera, kuti wotaya yake kapena mdzukulu wake avale pa mwambo wa pa 11 November, ndipo ambiri amadindidwa mawu akuti COPY kumbuyo. Yangayo inali yotero. Inapangidwa moona mtima, wina n'kuipala zilembo zinayi, kuidetsa kuti ioneke yakale, n'kuilembera kalata. Dzina, mudzi ndi boma ndinamupatsa ndekha.

Ndalama inandiwawa, koma chomwe chinandisowetsa tulo ndi china: ndiwauze anganga kapena ayi?

Amalume anayankha mosazengereza. “Mphwanga, nkhalamba yasangalala, isiye. Ukawauza upindula chiyani?” Ndipo mfundo yawo si yopepuka. Tonse tinanamapo mwachifundo. Timauza wodwala kuti mukuoneka bwino lero pomwe tikuona kuti zinthu sizili bwino. Misozi ya anganga tsiku lija inali yeniyeni, nkhani zomwe anakamba zinali zenizeni. Ngati kachitsulo kabodza katsegula pakamwa pomwe panatsekeka zaka zoposa 20, kodi kalakwa chiyani? Yeniyeniyo ndi yofanizirayo zonse ndi mkuwa, zonse zilibe dzina. Munthu wa maso ankhungu sangazisiyanitse, ndipo mwina masiku omwe atsala nawo si ambiri.

Ndinakhala nayo mfundoyi pafupifupi mwezi, ndikuifuna kuti ikhale yoona. Inayamba kugwa pomwe ndinamva kuti anganga auza kale anthu kuti iwo akadzapita, menduloyo idzakhale ya mwana wa mlongo wanga, yemwe anamutcha dzina la agogo. Bodza lomwe timauza wodwala limathera pamphasa pomwepo. Ili linali ndi kalata ndi chidindo, linali lokonzeka kukhala zaka 100. Mwana uja adzakula, adzaionetsa kusukulu, adzaisiyira ana ake, ndipo pofika nthawi imeneyo aphunzitsi odziwa za Ncheu wopanda t kudzakhala kulibe. Wakuba uja ananama kamodzi n'kulandira R2,400. Ine ndikanapitiriza bodza lakelo kwaulere, kwa abale anga omwe, mpaka kalekale.

Ndipo anthu ngati agogo mbiri yawo ndi yosalimba kale. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000 omwe anafa pa nkhondo yoyamba, ambiri mwa iwo a ku Africa kuno, sanakumbukiridwe ndi maina awo, mwinanso sanakumbukiridwe n'komwe. Ganizirani amtengatenga omwe anafera m'njira atasenza katundu wa nkhondo. Zikalata zomwe atolankhani anaulula mu 2019 zinaonetsa kuti nkhondo yachiwiri itatha, msilikali wamba wachizungu ankapatsidwa masheleni 10 pa mwezi uliwonse womwe anatumikira, wakuda wa udindo womwewo masheleni atatu ndi theka. Anthu omwe anawamana dzina ndi malipiro, chomwe chawatsalira ndi choona chochepa chomwe mabanja awo akusunga. Ukathiramo bodza, ngakhale lokoma, tsiku lomwe lidzaululike anthu adzakayikira ndi zoona zomwe. Adzati kaya ku Burma anapitadi.

Koma ndisadzionetse wanzeru. Chomwe chinandigwetsa kwenikweni ndi funso lomwe mlongo wanga anandiponyera pafoni: “Achimwene, mukuteteza anganga kapena mukudziteteza nokha?” Ndinakhala chete. Kunena zoona ndinkaopa kuchoka pampando wa mdzukulu wobweza ulemu n'kukhala pa wa chitsiru chomwe chinadyetsa feteleza kwa tsotsi. Chifundo chomwe ndinkachitchulacho, theka lake linali manyazi anga. Theka linalo linali kuderera. Mayi yemwe anaona njala ya 1949 ali kamtsikana, n'kudutsitsa banja mu ya 2002 ali wamasiye, ine ndinamuyesa mwana woti sangapirire nkhani ya kachitsulo.

Ndinawauza tili pakhonde, akusankha nyemba. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Funso lawo loyamba linali lakuti, “Mwataya zingati?” Nditatchula, anaika lichero pansi. Anakhala kanthawi, kenako anati, “Zija ndinagulitsa ine zinabweretsa ndowa ziwiri. Munadya phala inu ndi alongo anu mpaka mondokwa unacha, pakhomo pano sitinaike mwana. Zanuzi zadyetsa ndani?”

Ndinalibe yankho, ndipo mpaka lero ndilibe. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti pakhomo pathu pali bala lofuna kupoletsa. Anganga sanachitepo manyazi ndi zomwe anachita. Sankaikamba nkhaniyo chifukwa kwa iwo inatha bwino: mamendulo anagwira ntchito yomwe mwini wake akanaivomera, anapulumutsa adzukulu ake. Ine ndi amene ndinapeka manyaziwo, ndipo wakuba uja anangondigulitsa mankhwala a matenda omwe ndinadzipangira. Ndikanawafunsa anganga funso limodzi ndisanalowe m'gulu lija, feteleza akanapita kumunda.

Sindikunena kuti kusonkhanitsa zinthu zakale n'kulakwa, kapena kuti amalume ndi munthu wabodza. Mpaka pano iwo amati ndinawalanda anganga chisangalalo popanda chifukwa, ndipo ndikavomera kuti masiku angapo otsatira anganga anali osakondwa. Choonadi chili ndi mtengo wake, ndipo si ine ndekha amene ndinaulipira. Komabe ndikayeza, ndimaona kuti chomwe ndinawachotsera ndi chinthu chomwe sichinali chawo n'kale, pomwe chomwe ndikanawabisira ndi ufulu wawo woweruza okha nkhani ya amuna awo. Ndipo anaweruza bwino kundiposa.

Kwa anzanga omwe mumagula zinthu pafoni, kaya ndi mendulo, kaya ndi galimoto: katundu akafanana ndendende ndi chomwe mtima wanu wakhala ukulira, dzifunseni kuti munauzapo ndani za kulirako. Ikani malire musanayambe, ndipo anzanu akamasiya mmodzimmodzi muziwamvera.

Ngongole ya kubanki mkhonde ndinamaliza kubweza mwezi wathawu. Masiku ano ndikapita kumudzi ndimatchera foni kuti ijambule mawu, anganga n'kumakamba. Ndili ndi maola opitirira atatu tsopano, muli dzina la mnzawo wa ku Zomba uja, muli ndi nyimbo yomwe agogo ankaimba akamasenga udzu. Kalata yabodza ija tinakolezera moto. Menduloyo anganga anakana kuti itayidwe, anati mwanayo azidzaseweretsa. Ili m'kachitini komwe kaja, ndipo ndinaikamo kapepala kolemba ndi dzanja langa: “Iyi si ya agogo. Zawo zinali zinayi, zinagula chimanga mu 2002.”