Kodi Mbewu ya Munthu Igulitsidwe?

Ku Ngauma timagulitsa fodya ndi chimanga. Nanga mbewu ya munthu?

Mu 1978 ku England kunabadwa Louise Brown. Madokotala anaphatikiza dzira la amayi ake ndi mbewu ya abambo ake kunja kwa mimba. Lero ku America amayi ena amagulitsa mazira a m'thupi mwawo, abambonso mbewu zawo, kuti osabereka apeze ana. Ku South Africa lamulo limaletsa malonda otere.

Ife tikudziwa misozi ya banja lopanda mwana. Kulithandiza n'kwabwino. Koma pakalowa ndalama, kawirikawiri wogulitsa ndi wosauka. Ndiponso kwathu mwana ndi wa mbumba ya amayi ake. Wobadwa ndi dzira logula akadzafunsa kuti, "Amalume anga ndani?" tidzayankha chiyani?

Ife tikuti mbewu iperekedwe mwaulere, monga magazi kuchipatala, ndipo mwanayo adzauzidwe zoona. Inu mukuti bwanji?